Zovala Zinabwera Zokha

Lachinayi, 6 Malichi

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi Timba. Ine ndili bwino, kungoti mtima sukhala pansi. Choyamba ndiuzeni za chifuwa chija, chinasiya? Mankhwala ndinasiya pamwamba pa kabati, kuseri kwa chitini cha mabatani. Supuni yaing'ono m'mawa ndi madzulo. Akakana musamugwire mphuno, muyerekeze ngati inunso mukumwa, amanyengeka msanga.

Ndikulemba mothamanga chifukwa galimoto imabwera Lachisanu lokha, kusiya chakudya n'kubwerera tsiku lomwelo. Foni kuno yasanduka mwala, netiweki kulibe. Adalaivala avomera kumasiya kalata kushopu kwanu kosokera, ndipo yankho muzikapereka ku ofesi kwawo pofika Lachinayi.

Munandiseka tsiku lija kuti anthu ophunzira andifuniranji ine wolekeza kupulaimale. Nanenso ndinkadzifunsa. Koma kuno si ophunzira okha ayi. Pali aphunzitsi opuma, pali abambo ometa tsitsi, pali mayi wina wogulitsa mazira, tonse tilipo khumi ndi awiri. Amene ndi ntchito yawo yeniyeni ndi amodzi basi, mayi aja amabweretsa zovala zamatope kuntchito kwathu kochapa, amene tinawatcha Amayi a Achule. Auza gulu lonse m'mene ndinapezera kankhupakupa mumsoko wa malaya awo, kochepa ngati kachidontho ka inki. Akuti tsiku lomwelo anati maso awa ndikuwafuna m'nkhalango. Ndinachita manyazi, koma kukoma kunandikomera.

Ntchito yake ndi iyi. M'mawa timavala majombo n'kutsikira kukamtsinje. Timavundukula miyala mmodzimmodzi. Tikapeza chule timamugwira ndi magolovesi, kumupukuta pamimba ndi m'miyendo ndi kamtengo kathonje, kumuyeza ndi lula, kumujambula, n'kumubwezera pansi pa mwala wake womwewo. Osati wina, womwewo. Akuti kunja kuno kuli matenda a pakhungu amene akutha achule, ndiye akufuna kudziwa ngati afika kuno, komanso kuti kuli mitundu ingati. Ine ndinkadziwa kuti chule ndi chule basi. Achemwali, ndaona mitundu isanu ndi iwiri. Wina ndi wochepa ngati chikhadabo changa, wamtundu wa tsamba louma, anzanga amamuponda maso osamuona. Ine ndiye ndimagwira, aphunzitsi amalemba, chifukwa ndikalemba ine dzuwa lingalowe. Abambo ometa amaopa kugwira, amangonyamula chikwama n'kumati iwo anazolowera mitu yatsitsi, yadazi ngati imeneyi sakhala nayo ntchito.

Zikomo Achemwali. Chikhala kuti si inu, bwenzi ndili pa ayironi mpaka ukalamba osaona chilichonse. Koma mawu a apongozi aja ndimagona nawo, ndimadzuka nawo. Munawamva nokha: masabata atatu akakwana ine osabwera, Timba amutenga akamulere okha kwawo. Bambo a Timba ali kuntchito kunja kuja sangandiyankhulire, ndiponso mukuwadziwa, pamaso pa amayi awo amakhala ngati nkhuku yovumbwa. Tsiku lake ndi Loweruka pa 22. Ndidzafika, ngakhale chokwawa.

Mundiuze ngati akudya, ngati amandifunsa.

Ine mng'ono wanu.


Lachinayi, 13 Malichi

Mng'ono wanga,

Tili bwino, kaya iwe ndi ana ako atsopanowo. Ndiwe yemwe uja unkatuluka m'bafa ndi sopo kumaso chifukwa cha chule mmodzi, lero ukuwapukuta pamimba? Ndinawerengera makasitomala kalata yako, wina anaseka mpaka ndinalakwitsa muyezo wa m'chiuno.

Chifuwa chinasiya. Akudya ngati akulipidwa. Tsiku lonse amakhala pansi pa tebulo lodulira, kumanga zidutswa za nsalu pa mwendo wa mpando, akuti ndi mwana wake akudwala. Singano ndi sizasi ndinakweza pamwamba, usade nkhawa. Kufunsa amakufunsa. Mayi aliyense wa diresi la buluu akadutsa pakhonde amathamangira pachitseko, akaona kuti si iwe amabwerera yekha osalira. Ndi ine amene ndimatsala pang'ono kulira.

Apongozi ako anafika Lachiwiri pa basi. Akugona kwa achimwene awo, koma kukacha ali pano. Anabweretsa juzi yoluka okha, mikono yake yotalika ngati ya mwana wa sukulu. Atangolowa, moni asanamalize, anaika khutu pamsana pa mwana n'kumuuza kuti apume. Zaka makumi awiri zokolopa m'wodi zija zinawasandutsa dokotala. Ati chifuwa chapola, koma ndisamusambitse m'mawa kwambiri. Ndinati zikomo adokotala. Sanaseke.

Kenako anatenga choko changa cholembera nsalu n'kuzunguliza pa 22 pakalendala. Ndiye iwe werenga achule akowo mwachangu, otsalawo adzawerengana okha.

Alamu anaimba foni Lamulungu. Akuti akunyadira, koma ndisawauze amayi awo kuti atero.

Udzisamalire kumiyalako, pamaterera.

Ine mkulu wako.


Lolemba, 17 Malichi

Kwa mayi oyang'anira gulu lofufuza achule,

Moni mayi. Ndine mkulu wake wa mtsikana wochapa zovala amene munapita naye. Pepani ngati ndalemba mosalongosoka.

Loweruka m'mawa kunabwera adalaivala ena, osati aja tinawazolowera. Anasiya thumba lakuda lapulasitiki, lina mkati mwa linzake, lomanga kukamwa ndi tepi yachikasu. Pamwamba panali kapepala, dzina la mng'ono wanga, tsiku ndi nambala. Ndinafunsa kalata, akuti palibe. Ndinafunsa kuti mwini wake ali kuti, akuti iwo ndi ogwirizira chabe, anangouzidwa kusiya matumba m'makomo.

Nditatsegula ndinapeza diresi lake la buluu, mabulauzi awiri, juzi, nsalu ndi nsapato. Zonse zonyowa, zasuluka mawangamawanga, fungo la mankhwala lotsamwitsa. Zonse zimene anachoka nazo pano, mayi, mpaka zamkati. M'thumba la diresi munali chinthu choyera chonyenyeka ngati phala louma. Munthu wamoyo angakhale bwanji m'nkhalango wopanda chovala ngakhale chimodzi?

Apongozi ake anali pomwepo. Thumba sanalikhudze. Anangoliyang'ana, n'kukhala pansi pasimenti, miyendo tambalale. Patapita nthawi anadzuka, anandiuza kuti ndisambe m'manja ndi sopo kawiri ndipo mwana asayandikire. Dzulo m'mawa anabereka mwana n'kukwera basi yoyamba kupita kwawo. Ndinayesa kuwaletsa, anangoti mwana sakhala pano sabata ino. Kuyambira pamenepo foni yawo siikugwira.

Lero ndinapita ku ofesi kwanu. Akuti sangathe kulankhula nanu mpaka galimoto ya Lachisanu, ndipo sanamve za ngozi iliyonse. Koma kusamva si kudziwa. Mwamuna wake sindinamuuze, ndimuuza chiyani?

Ngati chachitika chachitika, ndiuzeni ine. Makolo athu kulibe, wamkulu ndine. Musandizungulire.

Ndipo iwe mng'ono wanga, ngati uli moyo ndipo ndiwe ukuwerenga izi, dziwa kuti ndikakuona ndikukumbatira kaye, kenako ndikumenya ndi lula yanga yamtengo. Undikhululukire za Timba. Ndinalephera kumugwira.


Loweruka, 22 Malichi

Amayi,

Ndine mpongozi wanu, make Timba. Ndili moyo. Sindinadwale, sindinavulale, ndikulemba ndi dzanja langa, mukhoza kufunsa achemwali ngati zilembo zoipazi si zanga. Ndikupempha muwerenge mpaka pansi musanang'ambe.

Kalata ya achemwali yandipeza dzulo madzulo ataiwolotsa mtsinje pachingwe, galimoto itabwerera kale. Amayi a Achule, amene akutiyang'anira kuno, anayamba kuiwerenga n'kundipatsa pepala nkhope itasintha. Kuyambira pamenepo sindinadye.

Za zovala zinali chonchi. Sabata yatha tinapeza achule asanu akufa m'kamtsinje koyamba, khungu likusupuka. Anati mwina ndi matenda aja tikufufuza. Ndiye kuseri kwa phiri kuli chigwa china chimene munthu sanawerengeko, ndipo lamulo lawo ndi lakuti chilichonse chimene chakhudza madzi a kuno chisapite uko, chifukwa matendawo amayenda pa nsalu ndi pa nsapato. Munthu sagwidwa nawo Amayi, ndi a achule okha. Anatipatsa maovolosi ndi majombo atsopano, zathu zonse anati tiunjike, galimoto ipite nazo kwathu popeza msasa woyamba tinkaupasula.

Kalata ndinalemba. Mulungu ndi mboni, ndinalemba masamba awiri, kufotokoza zonsezi. Adalaivala anali atatsikira kukasamba, ndiye ndinaiika m'thumba la diresi kuti achemwali akaipeze, poti iwo chovala chilichonse amayamba n'kupisa m'thumba. Ndinkayesa zovala zipita zouma. Ndili kokanyamula matenti, anzanga anatenga mulu wonse n'kuviika mumgolo wa mankhwala. Nditabwera ndinapeza matumba omanga kale, sindinadziwe kuti zanyowa. Ine amene kuntchito ndimakalipira anthu tsiku ndi tsiku kuti musasiye mapepala m'matumba, ndine ndachita zimenezi. Palibe wina wolakwa.

Ndikudziwa lero ndi pa 22 ndipo sindinafike. Kubisa sindibisa. Anatiuza kuti chigwa chachiwirichi tikhala masiku asanu basi, tikanafika nthawi yake. Koma mvula yagwa masiku atatu, mtsinje umene tinawoloka wadzaza. Lero m'mawa ndinafika pagombe ndi kachikwama kanga kuti ndiwoloke. Madzi akulekeza m'chifuwa mwa mwamuna wamtali, ine kusambira sinditha. Amayi a Achule anandigwira dzanja n'kunena kuti atumiza kale thumba limodzi kwathu molakwika, sakufuna kutumiza lachiwiri loona. Ndinakhala pamwala n'kulira ngati mwana. Aphunzitsi opuma amene ndimagwira nawo ntchito anang'amba mapepala awa m'buku lawo. Alonda a nkhalango, bambo wachikulire amene sandidziwa n'komwe, avomera kuwoloka pachingwe ndi kalatayi ili m'botolo, akaipereke kumsewu. Amayi a Achule akwera phiri maola awiri kukasaka netiweki kuti achemwali amve lero lomwe. Ati ayesanso foni yanu. Anthu awa andichitira zimene sindingathe kubweza.

Amayi, munanena kuti ndikachedwa mudzamutenga, ndipo mwamutenga tsiku lisanakwane. Sindikutsutsana nanu. Mwina munaona kuti mayi wosiya mwana chifukwa cha achule si mayi. Koma ndinabwera kuno chifukwa kwa nthawi yoyamba munthu anandiuza kuti ndili ndi chinthu chimene ena alibe. Ndinkafuna Timba adzamve kuti amake anachitapo kanthu kena kuwonjezera pa kusita malaya a eni. Ngati ndinalakwa ndilangeni ine, koma musandilande mwana. Ndilibe wina.

Sagona popanda kugwira khutu la munthu, mumulole. Mazira owiritsa amamutupitsa m'mimba. Akati "mbu" akufuna madzi.

Madzi akaphwa galimoto idzatitenga Lachisanu pa 28. Chonde ndiyankheni kudzera kwa achemwali, ngakhale mzere umodzi, kuti ndibwere kapena ndisabwere.

Ine mpongozi wanu.


Lachiwiri, 25 Malichi

Make Timba,

Kalata yanu ndalandira dzulo kwa kondakitala wa basi ya masana. Ndawerenga katatu. Sindinang'ambe.

Mwana ali bwino. Zoti amagwira khutu ndinadziwa tsiku loyamba, langa lamanzere latupa. Za mazira mwachedwa kundiuza.

Tsopano mvetserani. Inu mukuti ndinamutenga chifukwa cha masiku. Kodi ine ndi wosadziwa kuwerenga kalendala? Mawu aja ndinanena, inde, ndipo ndinanena kuti muchite mantha mubwere msanga, chifukwa nkhalango sindiikhulupirira. Koma si chimene ndinanyamulira mwana.

Ndagwira ntchito m'wodi zaka makumi awiri. Chaka china kunagwa matenda otsegula m'mimba, anthu ankafa ngati ntchentche. Munthu akapita, zovala zake tinkaviika mu klorini, kuika m'matumba awiri, kumanga ndi tepi, kulemba dzina, tsiku ndi nambala, n'kukapereka kwa abale pageti. Amene ankamanga matumbawo ndi ine. Ndamanga oposa zana ndi manja awa. Ndiye pamene thumba lija linatsitsidwa pakhonde, fungo lisanandifike n'komwe, ndinadziwa chimene chatsala kubwera. Ndaona ana aang'ono ataima pageti akuyang'ana akuluakulu akudzigwetsa pansi. Mwana saiwala zimenezo. Ndinati wanga uyu asaone, adzamve atakula, kwa ine, pang'onopang'ono. Foni ndinazimitsa dala. Sindinkafuna kuti uthenga undipeze ali pamsana panga.

Masiku asanu ndi atatu ndakhala ndikukulirani kuseri kwa nyumba, iye akagona masana. Ndiye musandiuze kuti ndimakuonani ngati si mayi. Ndikanalira chiyani?

Akuluakulu anuwo muwauze kuti kuphunzira anaphunzira, koma thumba lotero satumiza pakhomo pa munthu popanda mawu. Achule awamvera chisoni, nanga ife?

Mwafunsa kuti mubwere kapena musabwere. Funso lopusa. Mwana ndi wanu. Koma sindimutumiza pa basi ngati katundu, ndipo sindibwera naye. Mubwere nokha ndi miyendo yanu, mulowe pakhomo pano ndikuoneni, chifukwa mpaka lero ndikatseka maso ndikuona tepi yachikasu.

Madzi asanaphwe musayerekeze kuwoloka. Tsiku la 22 ndafufuta.

Ndine apongozi anu.


Lachiwiri, 1 Epulo

Okondedwa Achemwali,

Moni wochokera kuno kwa apongozi. Ndinafika bwino Loweruka masana. Pepani kuti Lachisanu lija sindinakhalitse, ndinangolowa, kukumbatirana, n'kugona ngati chipika. Lula ija munaiwala kundimenya nayo, ndiye ikhale pomwepo. Zikomo pothamanga ndi makalata kudepoti, zikomo pouza bambo a Timba zinthu zitatha kale. Akanamva pakati pake akanasiya ntchito n'kubwera wapansi.

Sindinakuuzeni za tsiku lomaliza. Amayi a Achule anaimirira pamaso pa gulu n'kuwerenga kalata ya apongozi, ndinawalola. Atafika pa mawu akuti nanga ife, anavula magalasi. Kunapezeka kuti si kwathu kokha. Akazi a abambo ometa anafika poitana abale kuti kwagwa maliro. Ati kuyambira tsopano thumba lililonse lizipita ndi kalata yawo pamwamba, ndipo alemba kalata yopepesa khomo lililonse. Chigwa chachiwiri chija achule onse tinawapeza amoyo, onenepa. Kaja kochepa ngati chikhadabo ndinapeza makumi atatu ndi anayi, anzanga onse pamodzi anapeza asanu ndi mmodzi. Ati zapathonje zija zikayezedwa adzatiuza zotsatira, ndipo m'buku lawo adzalemba mayina a tonse amene tinagwira ntchito. Andifunsa ngati ndingadzapitenso chaka chamawa kukaphunzitsa atsopano kayang'anidwe. Ndinati ndiganize kaye.

Tsopano za kuno. Ndinatsika basi n'kuyenda mpaka pakhomo. Ndinapeza apongozi akuyanika zovala. Atandiona anasiya beseni, anabwera, sanandipatse moni. Anandigwira mapewa, mikono, anatembenuza manja anga uku ndi uku, anandikoka chikope kuyang'ana m'diso. Kenako anati mwaonda, lowani. Polowa ndinaona akupukuta kumaso ndi pilokesi yonyowa imene inali paphewa.

Koma Timba, Achemwali. Anali pakhomo ndi juzi ija mikono atapinda katatu. Ndinagwada n'kutambasula manja. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kuyambira kumajombo mpaka kumutu, n'kukabisala kuseri kwa agogo ake. Ndinamuitana, anakanirira siketi yawo. Mwezi umodzi wokha. Ndinafuna kumunyamula mokakamiza koma apongozi anati ayi, musiyeni, wakwiya, nayenso ali ndi mlandu nanu. Anati khalani pansi apo muzisenda mbatatazi, musamuyang'ane, abwera yekha.

Ndinasenda. Misozi ikugwera m'mbale, ndikusenda. Patapita nthawi ndinamva kanthu kakukoka lamba wa ovolosi kumbuyo. Sindinatembenuke. Apongozi anayamba kundifunsa mokweza kuti achulewo mumawagwira bwanji, ndiye ndinafotokoza, ndikusonyeza ndi mbatata. Iwo akuti nanga akakukodzerani? Ndinati amakodza ndithu. Kumbuyo kwanga ndinamva kakuseka.

Lamulungu analola kuti ndimupatse madzi. Dzulo anakhala pamwendo panga mpaka kutha kapu ya tiyi, kenako anakumbukira kuti sitikuyankhulana n'kutsika. Kusamba akukanabe, akuti agogo. Apongozi amayerekeza kuti msana wawagwira kuti ine ndimusambitse, koma mwanayo ndi wochenjera, amakawasisita msanawo n'kuwapatsa sopo.

Ndinati tinyamuke mawa monga ndinakuuzani. Apongozi ati iwo sakuletsa, akhoza kutiperekeza kudepoti ngakhale lero, koma mwana akakwera basi akulira adzakumbukira kuti amake anabwera kudzamulanda. Ati dikirani tsiku limene adzakutsatireni yekha kuchitseko. Ndaganiza, ndaona kuti akunena zoona. Kale ndikanati ndi njira yawo yondikanizira mwana. Pano ndikudziwa kuti usiku uliwonse amamuuza kuti amako ndi awa, anabwerera iwe.

Ndiye mawa musapite kudepoti kukatidikira. Mundipitireko kuntchito, muwauze abwana kuti ndiyamba Lolemba, akakwiya akwiye. Lero m'mawa ndikupita kukataya madzi, ndinamva timapazi kumbuyo. Anafika pakati pa bwalo, anaima, anayang'ana agogo ake, n'kubwerera. Apongozi ati dzulo analekeza pakhonde.

Ine mng'ono wanu.